Mapaundi Odzola Mafuta

Lolemba, 9 Okutobala 1989

Basi ya kwathu ku Fatai yachedwa. Ndafika kusitolo 8 koloko itadutsa. A Pendry sanakalipe, angoloza wotchi ndi chibwano. Bola akanakalipa.

Sitima ya alendo sinabwere, ndiye tsiku lonse kulongedza. Masitampa m'maenvelopu. Ndalama zakale zamapepala m'timatumba ta pulasitiki, zopita kwa anthu osonkhanitsa a ku Sydney ndi ku Auckland. Poyamba ndinkangosesa. Chaka chino ndiye andilola kugwira ndalamazo, ati manja anga ndi ouma ndipo sindilankhula. "Wolongolola amalavulira katundu," amatero. Kugwira m'mbali mokha. Kukweza pawindo, kuwala kudutse. Kuona makwinya, ngodya, timabowo ta phini. Kununkhiza. Zimene ndimadziwa ndi zomwezo basi.

Koma kumudzi ndasanduka munthu wina. Ayambitsa ndi azakhali a Siutiti. Loweruka ku gulu la amayi opanga chiwondo, nsalu ya makungwa ija, akuti anaimitsa ntchito n'kunena kuti, "Mwana wa malemu mlongo wanga uja musamuone kufatsa. Amangoyang'ana pepala n'kudziwa mtengo wake. Mzungu uja popanda iyeyu atseka sitolo." Fane, mwana wawo, wabwera kudzandiuza akuseka mpaka kugwira m'mimba. Tsopano akunditcha abwana a kubanki. Ine wolekezera Sitandade 6.

Misinale yatsala masabata atatu. Nyumba iliyonse ili kalikiliki kusaka chopereka cha pachaka. Tsikulo msungichuma amaima kutsogolo kwa tchalitchi n'kutchula dzina ndi ndalama, mudzi wonse ukumva. Ife ndi Amayi tasonkha ndalama zokwana pa'anga 60.

Amayi ati bambo aakulu akundifuna Lachitatu. Chifukwa sananene.

Lachitatu, 11 Okutobala

Kwa bambo aakulu a Lisiate, nditaweruka. Mkeka wa ulemu wa m'chiuno nditavala. Ndinakhala pansi pafupi ndi khomo, malo anga a nthawi zonse. Ndi iwowa amene anatimangira nyumba mphepo ya 1982 itagwetsa yathu, Bambo atangomwalira kumene. Mapazi awo ndimawadziwa kuposa nkhope.

Anatulutsa kamtolo m'bokosi la pansi pa bedi. Chiwondo chofewa, chokulunga katatu. Asanamasule, fungo linali litandipeza kale. Mafuta a kokonati ophikira maluwa, amene atsikana amadzola pokavina.

M'katimo: ya mapaundi asanu imodzi. Za paundi imodzi zitatu. Za masheleni khumi ziwiri. Za masheleni anayi zinayi. Zonse za kale, pa'anga isanabwere.

Anandifotokozera. Mu 1953 mayi aakulu a Vika, akadali mtsikana, ankavina pa chikondwerero cha sukulu, thupi lonse waliwali ndi mafuta, anthu n'kumadzuka kukawamata ndalama m'mikono. Bambo aakuluwo anali mnyamata wosenza matumba padoko. Anadzuka n'kukamata mapaundi asanu paphewa, mudzi wonse ukuona. "Anthu anakuwa. Amake anandiyang'ana ngati ndaba nkhumba." Mawa lake anapita kwa aphunzitsi ndi ndalama zachitsulo, kukawombola pepala lililonse limene linakhudza khungu la a Vika.

Chaka chilichonse, pa tsiku limene a Vika anamwalira, amazidzoza pang'ono ndi chala. Kuti zisatuwe, ati.

Ndinakweza ya mapaundi asanu pakhomo. Kuwala kunadutsa ngati pa pepala lokulungira mandasi. Ngodya zonse zinatha. Pakati inang'ambika, a Vika anaisoka ndi ulusi woyera, tizingwe ting'onoting'ono tokongola. Mtima wanga unangoti phwii.

"Waona mmene ndazisamalira, mwanawe? Si zabwino zimenezi?"

Ndinati inde, Bambo.

Chaka chino ndi chakhumi chimwalirire a Vika. Akufuna dzina lawo limveke bwinobwino pa misinale, kamodzi kokha. Ndikayang'ane m'buku la mzungu wanga, ndidzawauze Lachisanu.

Ndinati inde, Bambo.

Lachinayi, 12 Okutobala

A Pendry atapita ku positi ndinatsitsa buku lalikulu la mitengo. Chingerezi chake sindimva, koma zithunzi ndi manambala ndimatsata. Pepala lililonse lili ndi mitengo itatu. Woyamba wa yokutha. Wachiwiri wa yabwinoko. Wachitatu wa yatsopano, yosapindidwapo, yolira ukaigwedeza.

Ya mapaundi asanu ija ndaipeza. Ndasintha kukhala pa'anga monga anandiphunzitsira. Mtengo woyamba 40. Wachitatu 400.

Ya bambo aakulu ngakhale pa mtengo woyamba siifika. Ndikudziwa. Mwezi watha mayi wina wa ku Vava'u anabwera ndi ina yokhala ndi kadontho kamodzi ka mafuta, a Pendry anangopukusa mutu n'kumubwezera.

Mawa ndikanena choncho. Ndayeserera m'basi, chamumtima, kuchoka kumsika mpaka kwathu. Bambo, mafuta amawononga pepala. Mawu anayi okha.

Chakudya: chinangwa ndi nyama ya nkhosa ya mafuta okhaokha. Sindinamalize.

Lachisanu, 13 Okutobala

Sindinanene.

Bambo aakulu ndinawapeza atavala malaya oyera ngati Lamulungu. Anali atandisungira chinanazi. Anandifunsa ngati ndaipeza m'buku. Inde. Anandifunsa kuti nambala yaikulu pamenepo ndi iti. Funso lawo linali limenelo, nambala yaikulu. Ndinati 400.

 Kenako zala za kumapazi zinayamba kugwedera. Ndinaziona chifukwa ndi kumene ndinkayang'ana.

"Nanga zinazi? Zonse pamodzi sizingakwane 100?"

Pamenepa mpata unalipo. Pakamwa ndinatsegula ndithu. Koma munthu wamkulu atanena kale, iwe uli pansi, wadya chinanazi chake, ungayambire pati? Ndinati mwina zingakwane, Bambo.

Anapemphera. Pemphero lalitali. Anathokoza Mulungu chifukwa cha a Vika, chifukwa cha malemu Bambo, chifukwa cha mwana uyu amene mwamupatsa maso. Ine maso ndinatsegula, ndikuyang'ana nyerere pamkeka.

Sindinaname kwenikweni. 400 ilimo m'bukumo.

Ndinanama.

Lamulungu, 15 Okutobala

Zatha. Dzulo pa bwalo la azibambo lomwera kava, chakumwa cha mizu, pamene aliyense amalonjeza zimene adzapereke, bambo aakulu anati 500. Msungichuma analemba. Akuti a Tomasi a golosale, amene chaka chilichonse amakhala pamwamba ndi 300, anatsamwa ndi kava.

Ndazimva potuluka m'tchalitchi. Azakhali anandigwira dzanja n'kulikweza m'mwamba ngati la wankhonya. "Ndi ameneyu! Tamuonani, akuchita manyazi. Kwezatu mutu, iwe, ukufuna utole chiyani pansipo?" Amayi ena kuseka. Abusa anandipatsa moni ponditchula dzina. Sindinkadziwa kuti amalidziwa.

Amayi akhala akuimba tsiku lonse. Potsegula ng'anjo ya pansi anandisankhira chilazi chachikulu. Ati bambo ako akanaona.

Fane: "Abwana a kubanki, ine ndili ndi tikiti ya basi ya chaka chatha, siingagule galimoto?"

Ndinaseka nawo. Masiku khumi ndi atatu.

Lachiwiri, 17 Okutobala

Bambo aakulu andipatsa kamtolo kaja kuti ndipite nako kwa a Pendry. Iwo kutauni safuna, ati Chingerezi chimawapweteketsa mutu. Asanandipatse anakagwira kanthawi ndi manja awiri. "Umuuze mzunguyo kuti kumene zikupitako azikazidzoza. Kamodzi pachaka n'kokwanira."

Inde, Bambo.

Lachisanu, 20 Okutobala

Masiku atatu kali m'chikwama changa. Kupita nako, kubwera nako. Kusitolo chikwama ndimachisiya panja, kuseri kwa thanki ya madzi, kuopa fungo. Mafuta adutsa chiwondo, adutsa mpango, afika mpaka m'kope muno. Tsamba lino pakona papa pakuoneka za kuseri.

Lachitatu bambo aakulu anandidikira pamene basi imaima. Ndinati mzungu watanganidwa. Dzulo ndinatsikira patsogolo, pa tchalitchi cha Akatolika, n'kudzera m'minda. Miyendo yonse zisoso.

Lero a Pendry alandira kalata ya munthu wa ku Melbourne. Wabweza ya masheleni khumi imene tinamutumizira, ati ili ndi khwinya limodzi limene sitinatchule. Ndinalifunafuna pawindo mpaka maso kuwawa. Lilipo. Kakang'ono ngati tsitsi.

Malipiro a sabata: 22. Ndawerengera. Kuti ndipeze 500 ndekha ndi masabata 23, osadya, osakwera basi.

Loweruka, 21 Okutobala

Ndachita chinthu choipa.

Tsiku lochapa ndi kusita za mawa. Amayi anapita kunyanja kukatola nkhono ndi anzawo. Simbi ya makala inali yotentha kale. Ndinakumbukira mmene timachotsera mafuta pa diresi: nyuzipepala pansi, nyuzipepala pamwamba, simbi. Ndinati ndiyese kamodzi, pa kakang'ono. Ya masheleni anayi.

Poyamba zimaoneka ngati zikutheka. Nyuzipepala inamwa mafuta. Ndinasintha ina. Ndinakanikiza kwambiri. Nditatukula, ndalama yasanduka yofiirira ngati tsamba la fodya, ndipo zilembo za nyuzipepala zadindika pamwamba pake chagada. Mtengo wa simenti ukuwerengeka bwinobwino. Pakona pathothoka.

A Pendry anandiuza tsiku loyamba lenileni: osachapa, osasita, osamata. Ndinkadziwa.

Zaka 36 munthu akuisunga. Ine mphindi zisanu.

Amayi pobwera anati m'nyumba mukununkha ngati ukwati. Anandiyang'ana mokayikira. "Kodi alipo wina amene tikumudzolera?" Ndinati ayi. Ati ukana bwanji nkhope yafiira chonchi. Awauza kale azakhali kuti Meliame ali ndi mnyamata.

Ndaiika pansi pa zinzake.

Lolemba, 23 Okutobala

Mvula. Chikwama sichikanakhala panja. Ndinachilowetsa n'kuchikankhira pansi pa tebulo.

Sipanathe ndi ola lomwe. A Pendry anakweza mphuno. "Ndani walowa ndi mafuta m'sitolo mwanga? Meli, ukukwatiwa lero?" Ndiye ndinatulutsa. Si kulimba mtima ayi. Anachita kundigwira.

Anayala nyuzipepala kutali ndi katundu wawo, anavala magalasi, anamasula ndi nsonga za zala. "Mayo ine. Izi ndi ndalama kapena nsomba zokazinga?" Koma ataona ulusi uja anasiya nthabwala. Anauyang'ana nthawi yaitali ndi galasi lokuzira. Ati amene anasoka apa anali ndi dzanja.

Anandifotokozera ngati sindikudziwa. Anthu awo amafuna pepala limene silinalowepo m'thumba la munthu. Ya mapaundi asanuyi ili ndi siginecha yosowa, ikanakhala youma, ngakhale yokwinyika, akanapereka 100 osaganiza kawiri. Mmene ililimu, zonse pamodzi 30. "Ndipo 30 imeneyo ndi ya ulemu chabe. Ndidzaziika m'botolo, alendo aziona."

Kenako anafika pa ya pansi ija. Anaitembenuza. Anawerenga mtengo wa simenti mokweza. "Iyi anaisita ndani?"

Ndinati sindikudziwa.

"Nkhalamba zanuzi. Uziwauza, Meli, iwe ukudziwa. Asamazigwiregwire."

Ndinangogwedeza mutu. Ndinawasiya bambo aakulu asenze ndi chimenechonso.

Anandifunsa kuti mwiniwake akuyembekezera zingati. Nditanena anavula magalasi. Anafunsa kuti anamuuza zimenezo ndani. Ndinati anthu.

Ndinafuna kupempha kuti awonjezere, ndidzagwire ntchito ulere mpaka chaka chamawa. Sindinapemphe. Ndinakatenga tsache n'kusesa pamene ndinasesa kale.

Lachiwiri, 24 Okutobala

Ndinafika mpaka pa mpanda wa bambo aakulu. Anali pakhonde, akuyeserera nyimbo ya gulu lathu ya pa misinale, mawu a pansi aja, okha. Ndinaima kuseri kwa mtengo wa bulediferuti mpaka anamaliza ndime zonse zinayi. Ndinabwerera.

Masiku anayi.

Lachitatu, 25 Okutobala

Kuntchito sindinapite. Ndinatuma uthenga kwa dalaivala wa basi kuti ndadwala. Bodza linanso, koma ili laling'ono.

Bambo aakulu ndinawalondola kumunda. Mtunda wautali, dzuwa lili pamutu. Ndinawapeza akupalira zilazi, hatchi yawo ya banga loyera pamphumi ili pamthunzi pafupi ndi ngolo. Atandiona anaimika khasu n'kumwetulira. Ankayesa ndabweretsa ndalama.

Ndinakhala pansi padothi. Kamtolo ndinakaika patsogolo panga. Ndinanena ndikuyang'ana kamtoloko. Kuti mafuta anawononga. Kuti mzungu wati 30. Kuti 400 ija ndi ya pepala latsopano. Kuti ina ija ndinaitentha ndine. Mawu ankatuluka aang'ono, anachita kuwerama kuti amve. Pena anati bwereza. Ndinabwereza.

 Hatchi yokha kupukusa ntchentche.

"Unadziwa liti?"

Tsiku loyamba lija, Bambo.

"Usanaone buku?"

Inde, Bambo.

"Inde ameneyu ndi weniweni, kapena ndi uja wa masiku onse?"

Ndinalira. Sindinafune, chifukwa kulira kumakhala ngati ukupempha kuti akumvere chisoni. Sanandikalipire. Sananenenso kuti palibe kanthu. Anapukuta manja pa udzu, anamasula chiwondo, anatenga yopsa ija. Anaiyang'ana uku ndi uku. Anati iyi anamata ndi mchimwene wake wa Vika, anali waumbombo, masheleni anayi okha. Ndinayesa aseka. Sanaseke.

Ndinati ndipite ndekha kwa msungichuma ndikanene kuti wolakwa ndine, afafanize 500.

"Ukanene kuti Lisiate analonjeza Mulungu ndi pakamwa pa mwana? Kuti a Tomasi akamwere kava nkhani imeneyi mpaka Khirisimasi? Ndinatchula dzina la mkazi wanga pamaso pa anthu, ine."

Anakulunga kamtolo n'kukaika m'malaya, pachifuwa. Anati ndisauze munthu. Amayi ayi, Fane ayi. Azakhali makamaka. "Mlongo wanga akadziwa, ndiye kuti wailesi yadziwa. Walumbira?"

Ndinalumbira.

Anatenga khasu. Ndinakhalabe pompo kudikira kuti andiuze ndizipita. Sanatembenuke. Ndinanyamuka ndekha.

Lachisanu, 27 Okutobala

Masana a Pendry anandituma nthochi kumsika. Pamsewu wa kuseri, ngolo yodzaza mavwende. Gudumu limodzi lobiriwira, lina losapenta. Hatchi ya banga loyera pamphumi. Woyendetsa munthu wachilendo, wachipewa, akuikwapula pamene bambo aakulu sanaikwapulepo.

Ndinafunsa mayi wa nthochi. Ati ndi wa ku Lapaha ameneyo, wagula dzulo kwa mdala wina, hatchi ndi ngolo yomwe. "Wachita mwayi. Mdalayo anali pachangu, sanatsutse n'komwe mtengo."

Nthochi ndinaziiwala pa tebulo la mayiyo. Ndinachita kubwereranso.

Kumunda kwawo ndi mtunda wa ola ndi theka wapansi. Ali ndi zaka 61. Bondo lakumanzere limatupa kukazizira.

Loweruka, 28 Okutobala

Misinale.

Tchalitchi chodzaza mpaka m'mawindo. Magulu kuimba mopikisana, beseni kuzungulira, ana kuthamanga nalo kutsogolo. Ife ndi Amayi 65. Anawomba m'manja pang'ono, mwa ulemu. A Tomasi 350, anawonjezera dala. Anakhala akudzipepesa ndi chipewa.

Kenako msungichuma anakweza pepala, anadikira phokoso lithe. "Lisiate, pokumbukira mkazi wake Vika. Pa'anga mazana asanu!"

Denga linatsala pang'ono kuchoka. Azakhali anaimirira n'kuvina pomwepo pakati pa mabenchi, misozi ili chuchuchu. Amayi akale amene ankawadziwa a Vika anayamba kulira. Bambo aakulu anakhala chowongoka, manja pa mawondo, maso kutsogolo. Koyamba kuwayang'ana kumaso nthawi yaitali chonchi. Amafanana ndi Bambo pachibwano.

Abusa pothokoza anati Mulungu amabisa chuma m'mabokosi a pansi pa bedi, ndipo amatuma ana ofatsa kukachivumbula. Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Fane ananditsina. "Mwetulira, chitsiru iwe, akunena iwe."

Pa phwando anandikhazika kumtunda, pafupi ndi akazi a abusa. Anandiikira nyama ya nkhumba ya pamsana, khungu lokhoma bwino. Ndinatafuna, ndinatafuna, yosatsika. Ndinaikulunga m'tsamba mobisa.

A Tomasi anabwera kudzandigwira dzanja. Ati kunyumba kwawo kuliko timapepala tina ta malemu amayi awo, tsiku lina ndidzadutse.

Bambo aakulu anandidutsa potuluka. Anati, "Wadya, mwanawe?" Ndinati inde, Bambo. Anaima pang'ono ngati anenanso kanthu. Anapitirira.

Lolemba, 30 Okutobala

Pobwera kuntchito basi inawapeza pamsewu. Mtengo paphewa, madengu awiri a zilazi, kutsogolo ndi kumbuyo. Akutsimphina. Dalaivala analiza hutala n'kutulutsa mutu. "Akuluakulu a mazana asanu! Hatchi ili kuti?" Iwo anati yapita ku Lapaha kukapuma, yakalamba ngati mwini wake. Basi yonse kuseka. Wina anati olemera amayenda pansi kuti achepetse mimba. Ndinawerama ngati ndikumanga nsapato. Nsapato zanga zilibe zingwe.

Nditafika kunyumba, posakhalitsa iwonso anafika. Dengu limodzi linali lathu. Anawauza Amayi kuti ndi lothokoza mwana, chifukwa anthu angadabwe atapanda kuthokoza. Ayi, mawu otsirizawa sananene. Ndawaonjezera ndine. Anangoti ndi lothokoza mwana.

Amayi aphika chimodzi. Chokoma, ati. Chaufa.

Lachitatu, 1 Novembala

Dzulo anthu awiri pamene basi imaima, wina ndi envelopu, wina ndi Baibulo lotupa ndi ndalama zakale. Ndinati ndachedwa. Lero m'mawa atatu.

Tsopano azakhali. Ndawapeza pakhonde nditaweruka, atakhala pa mpando wa malemu Bambo, chitini cha mabisiketi pamiyendo. Abwera ndi anzawo awiri a ku chiwondo kuti adzaonerere. Amayi akuwapangira tiyi ndi makapu a alendo.

Akufuna denga la malata chaka chisanathe. Auza kale kalipentala.

Ndinakhala pansi. Anatsegula. Fungo lomwe lija. Zawo ndi zambiri, mwina makumi awiri, za pa ukwati wawo. Zomatana ngati masamba onyowa. Dzulo anazidzozanso, ati kuti mzungu akazione zikuwala ngati za alongo awo.

Ndinakweza imodzi. Ndinaona nkhope ya azakhali kudutsa pepalalo.

Ndinanena. Sindikudziwa mawu anachokera kuti. Ndinati Azakhali, izi sagula. Mafuta anaziwononga. Zonsezi mwina 10, mwina osafika.

Anzawo aja anayang'anana. Amayi anaima ndi ketulo m'manja.

Azakhali anaseka kaye. Ati mwanayu waphunzira nthabwala kutauni. Ndinabwerezanso, mokwezako. Kuseka kunatha.

"Za achimwene zinali zouma? Ndinkaziona ine, zinkachita kuchucha. Zawo mazana asanu, zanga khumi? Ndakulakwira chiyani, mwana wa mlongo wanga? Kapena wagwirizana ndi mzungu wako kuti mundidyere?"

Ndinati ayi, Azakhali.

"Ndiye tandiuza. Ngati za mafuta sagula, mazana asanu aja achimwene anawatenga kuti?"

Amayi nawonso akundiyang'ana. Onse anayi.

Ndati ndikamwe madzi. Ndalowa. Kapu ili apa, sindinaikhudze. Ndikati inde, ndiwonanso bwino, mawa kalipentala ayamba kusasula udzu. Ndikanena za hatchi, pofika Lamulungu mudzi wonse udziwa, ndipo ndinalumbira kumunda kuja. Pawindo ndikuona msewu. Nthawi ino ndi imene bambo aakulu amadutsa pochokera kumunda.

Azakhali akundiitana. Kachiwiri tsopano, dzina lonse.